Kabwerebwere wa Milandu Ing'onoing'ono: Kodi Ndende Ndiyo Yokha?

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE]

WOULUTSA: Omvera nonse, kuyambira pa boma pano pa Mangochi, kutsetsereka ku Malombe, kuoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Malindi, ku Namwera ndi ku Makanjira, mpaka inu a ku Monkey Bay, Msaka ndi Chembe amene mwina pano mukusoka ukonde wailesi ili pambali, ino ndi pulogalamu yathu ya malamulo ndi moyo wa m'mudzi.

Lero tikamba za munthu amene aliyense wa ife akumudziwa. Sanaphe munthu, sanathyole nyumba ndi zikwanje. Milandu yake ndi ya nkhuku, ya beseni la usipa, ya ndewu ya pamowa, ya ukonde woletsedwa. Koma sasiya. Apolisi amamuitana ndi dzina, a majisitireti akamuona m'bokosi amangopukusa mutu, ndipo akamalowa pageti la ndende anyapala amangoti, mwabweranso achimwene. Ameneyo ndiye kabwerebwere. Apita miyezi itatu, abwera. Apita isanu ndi umodzi, abwera.

Ngati munthu tamutumiza kundende katatu, katatu konse n'kubwerako kudzabanso, tikamutumiza kachinayi tikuyembekeza kuti chisintha n'chiyani? Sindikumuikira kumbuyo ayi. Amayi amene anawabera usipa aja mpamba wawo unali wa ngongole ya kubanki m'khonde, ndipo Lachisanu anzawo akufuna ndalama yawo. Koma n'chifukwa cha amayi omwewo kuti tiyenera kufunsa ngati chilango chimene timapereka chikuwateteza.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24, wa pagombe lina lililonse pakati pa Makawa ndi Malembo. Alibe bwato, alibe ukonde. Ndi mmodzi wa alovi a chilimira cha munthu wina. Madzulo akwera bwato ndi anzake, siginala atsogola ndi nyali zake, usiku wonse akukoka, m'mawa agawana kotsala mwini zipangizo atachotsa za mafuta ndi gawo lake. Nsomba zikaphedwa bwino amadya nyama, amagula foni. Mwera ukaomba masabata awiri, kapena mwezi ukawala usipa osabwera ku nyali, m'thumba mumauma gwa. Tsiku lina m'bandakucha adutsa pathandala pamene amayi ena ayanika usipa wawo, mlonda akusinza, akokolola wodzaza thumba. Dzuwa lisanafike pamutu wagwidwa, chifukwa pagombe aliyense amadziwa amene analowa m'madzi usiku ndi amene sanalowe.

Ulendo woyamba khoti limuchenjeza, limuuza akakhale kunyumba osapalamulanso. Wachiwiri, miyezi itatu. Tsono taonani zimene zimachitika kumbuyo kwake. Malo ake pabwato sakhala opanda munthu ngakhale usiku umodzi, anyamata ofuna ntchito ndi ambiri. Ngati wamangidwa mu Disembala, kamunda ka mkazi wake sikadzalidwa nthawi yabwino. Kuno ambiri timakwatira chikamwini, ndiye akamatuluka amapeza akuchikazi atakambirana kale za iye. Dzina lake lasintha, tsopano ndi wakundende uja. Mwini chilimira aliyense amene angamufikire amati anthu akwana. Patha milungu iwiri, njala yamugwira, ndipo thandala lija likadali pomwe paja.

Nanga mkatimo waphunziramo chiyani? Malamulo a ndende amalola kuti mkaidi wa khalidwe labwino achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, kotero wa miyezi isanu ndi umodzi amatuluka itatha inayi. M'ndende zathu zina muli maphunziro a ukalipentala, usoki ndi sukulu yeniyeni, ena mpaka amalemberamo mayeso a boma. Koma zimenezo zimafuna nthawi. Wa miyezi itatu kapena inayi sangamalize kanthu. Nthawi yake ndi yochepa kuti aphunzire ntchito ya manja, koma ndi yokwanira kuti ataye ntchito imene anali nayo, komanso kuti agone mbali imodzi ndi akatswiri othyola maloko ndi kumva mmene amachitira.

Ndati kugona, koma ena sagona n'komwe. M'ndende zikuluzikulu monga Chichiri ndi Maula muli kakhalidwe kamene akaidi amakatcha shamba: anthu kukhala pansi m'mizere pakati pa chipinda, wina pakati pa miyendo ya mnzake, usiku wonse osatambasula msana. Obwera kumene ndi amene amayambira pamenepo. Mphere ndi chifuwa chachikulu zimafala mosavuta m'malo otero, ndipo wa miyezi itatu uja amazitenga n'kubwera nazo kumudzi kwa ana ake. Nkhani ya kudzaza kwa ndendeyi si mphekesera. Mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse, ndipo m'chaka cha 2009 khoti linagamula kuti kuthithikana kotero, m'zipinda zosapita mphepo, ndi kuzunza anthu kumene malamulo aakulu a dziko lino amaletsa. Linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zapita, ndende zathu zikusungabe anthu ochuluka pafupifupi kawiri kuposa amene zinamangidwira. Pa 6 Julaye kapena pa Khirisimasi mtsogoleri wa dziko amakhululukira ena, malo apezeka pang'ono, pakangotha miyezi yochepa mwadzazanso. Kuli ngati kukapa madzi m'bwato osamata pamene pabooka.

Tsono lamulo limati chiyani? Buku la kazengedwe ka milandu m'dziko muno lili ndi ndime 340, imene imauza makhoti a majisitireti kuti munthu wopalamula koyamba asamutumize kundende pokhapokha pali chifukwa chomveka chosonyeza kuti palibenso njira ina yoyenera. Ndime yabwino kwambiri, ndipo yapulumutsa ambiri. Koma mwamva mawu akewo: wopalamula koyamba. Wachiwiri alibe chishango chimenechi. Woimira boma pamlandu akangodzuka n'kunena kuti bwana, ameneyu si koyamba, nkhani yonse imapendekera kundende. Lamulo silikakamiza majisitireti kuti amutsekere, njira zina zimakhalabe zotseguka, koma chizolowezi ndiye chimatero. Apa ndi pamene ine ndikuona kuti timaphonya, pakuti munthu amene wabwera kachiwiri ndi kachitatu ndi amene akufunika kumuyang'ana mozama kuposa woyamba uja. Woyamba mwina anangoterereka. Wachitatu pali chimene chikumukoka, ndipo miyezi itatu ya shamba sichichotsa.

Pali njira ina yolowera kundende imene sitiitchula kawirikawiri, ya chindapusa. Khoti ligamula kuti alipire ndalama zakuti, akalephera akakhale kundende miyezi yakuti. Pakamwa zimamveka ngati amupatsa mwayi wosankha. Koma anthu awiri akapalamula mlandu umodzi, wina mwini mabwato atatu, wina mlovi, woyambayo apisa m'thumba n'kumapita kwawo, wachiwiriyo akwera galimoto ya ndende. Chamutengera kumeneko ndi umphawi. Ku Finland anaona vuto limeneli kalekale, ndipo kuyambira mu 1921 chindapusa chawo amachiwerengera pa zimene munthu amapeza pa tsiku: wolemera alipira zambiri, wosauka zochepa, onse amva kuwawa kofanana. Kwathu kuno kuwerengera zimene mlovi amapeza pa tsiku n'kovuta, lero zilipo mawa palibe. Komabe wolakwa kapena abale ake angathe kupempha khoti kuti liwapatse nthawi, alipire pang'onopang'ono, ndipo ambiri sapempha chifukwa sadziwa kuti n'zotheka.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya malamulo ndi moyo wa m'mudzi, ndipo tikukamba za chilango cha anthu obwerezabwereza milandu ing'onoing'ono.

Njira yaikulu imene tili nayo kale m'malamulo athu ndi chilango chogwira ntchito yothandiza dera, chimene ambiri amangochitcha komyuniti sevisi. Sitinachiyambe ndife. Anzathu a ku Zimbabwe anachiyamba mu 1992 ndende zawo zitadzaza, chinayenda bwino, ndipo mu 1997 mayiko a mu Africa anakumana mumzinda wa Kadoma komweko n'kugwirizana zochifalitsa. Kenya inakhazikitsa lamulo lake mu 1998, ife tinayamba cha m'chaka cha 2000. Kayendedwe kake n'kotere. Khoti likaona kuti mlandu ndi woyenera chilango chosapitirira miyezi 12, lingathe kuimika chilango cha kundendecho n'kulamula kuti munthuyo akagwire ntchito yosalipidwa kwa maola akutiakuti pamalo a boma kapena othandiza anthu: pasukulu, pachipatala, pakhoti pomwepo. Amagona kwawo. Mkulu wa pamalopo amalemba maola amene wagwira. Akathawa kapena akamajomba amabwezedwa kukhoti, ndipo chilango cha kundende chija chimamudikira, pajatu mlandu suola.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Boma silimudyetsa. Ana ake akumuona madzulo. Mlovi wathu uja angathe kulowa m'madzi usiku, kugona pang'ono, masana n'kukatchetcha pasukulu. Malo ake pabwato sanataye. Ndipo musaganize kuti ndi chilango chopepuka. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kusesa pamsika wa kwawo komwe, apongozi akudutsa, ana a sukulu akuloza, ambiri angakuuzeni kuti bola kundende kumene sakuonedwa ndi munthu.

Koma ndinene mosabisa pamene chilangochi chimafooka, chifukwa tikapanda kunena, omvera mundiuza nokha. Chimafooka pa kulondoloza. Boma la Mangochi ndi lalikulu, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo kuchoka pa boma kukafika ku Makanjira ndi ulendo wautali, makamaka nthawi ya mvula. Ofesala woona za chilangochi sangakhale paliponse. Ndiye zimatsalira mphunzitsi wamkulu, amene ali kale ndi makalasi odzaza ana, kuti azilembanso maola a munthu amene mwina ndi mlamu wake, mwinanso amamuopa. Munthu abwera masiku awiri, lachitatu osaoneka, palibe wonena. Ena atumiza mng'ono wawo kuti akawagwirire. Ena angokwera basi ya ku Joni. Mudzi ukaona zimenezi umati akhoti amutulutsa, ndipo tsiku lina wakuba akagwidwa anthu safunanso kupita naye kupolisi, amafuna kuthana naye okha. Tamvapo za anthu otenthedwa chifukwa cha mbuzi. Chilango cha kunja kwa ndende chikakhala chamasewera chimabala zoopsa kuposa ndende imene tikuithawayo.

Ndiye kwa kabwerebwere, chilango chimenechi chiyenera kukhala cholimba kuposa cha woyamba, ndipo kulimba kwake kukhale pa anthu omuyang'anira. Ndikanakhala ine wolangiza, ndikanati asachoke pakhoti popanda anthu awiri kapena atatu a kwawo oimirira pamaso pa majisitireti n'kuvomera kuti azimuona: mwinimbumba wake, a nyakwawa kapena nthumwi yawo, shehe wa pamzikiti pake kapena mkulu wa mpingo. Ntchito ikhale ya pafupi, yoti afike wapansi, chifukwa ukamutuma kutali wamupatsa kale chifukwa chojombera. Ikhale ntchito yooneka ndi maso, yoti ikatha anthu aziti chimbudzi cha pagombe ichi anakumba ndi uje, njerwa za chipinda ichi anaumba ndi uje. Maola alembedwe tsiku ndi tsiku m'kaundula amene komiti ya m'mudzi ingathe kumuona. Ndipo akajomba kopanda chifukwa, uthenga ufike kukhoti sabata yomweyo, pafoni, osadikira kuti ofesala adzapeze mafuta a njinga yamoto. Anthu ophunzira za milandu m'mayiko ambiri amagwirizana pa mfundo imodzi: chimene chimaletsa munthu kulakwa kwambiri ndi kudziwa kuti agwidwa ndithu ndipo msanga, kuposa kukula kwa chilango chimene mwina chibwera mwina ayi.

Ndikudziwa kuti pena pake amayi a usipa aja akumvera, ndipo akuti: zonsezo ndamva, iye akusesa pasukulu, nanga mpamba wanga? Amayi, funso lanu ndi limene ndende siyankha n'komwe. Wakuba akapita miyezi isanu ndi umodzi inu simulandira ngakhale tambala. Mwataya usipa, mwatayanso masiku opita kukhoti kukaperekera umboni, ndi ndalama ya kabaza pamwamba. Komatu makhoti athu ali ndi mphamvu yolamula wolakwa kubweza katundu kapena kupereka chipepeso kwa wolakwiridwa, ndipo angathe kuimika chilango cha kundende pa mfundo yakuti abweze pofika tsiku lakuti. Munthu amene ali kunja, akulowa m'madzi, angathe kubweza. Mwini chilimira akhoza kumadula pa gawo lake m'mawa uliwonse, chigoba chimodzi chimodzi, mpaka ngongole itatha. Amene ali kundende sangabweze kanthu.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Pabwalo la mfumu mlandu wa nkhuku unkatha ndi kulipa, wolakwa ndi abale ake kupepesa pamaso pa anthu, mawa lake onse n'kukakumana pamaliro kapena padambo. Lamulo lolembedwa nalonso linasiya khomo limeneli: ndime 161 ya buku la kazengedwe ka milandu lija imalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu, monga kumenyana kopanda kuvulazana kwambiri. Bungwe la PASI, limene alangizi ake a zamalamulo akhala akuyenda m'ndende ndi m'mapolisi kuyambira m'chaka cha 2000, linaphunzitsanso amkhalapakati a m'midzi m'maboma ena kuti nkhani zotere zizitha zisanafike kupolisi. Alangizi omwewa ndi amene amathandiza pa makhoti oyenda, pamene majisitireti amapita kukakhala m'ndende momwemo n'kuona amene akhalitsa pa limandi pa milandu yaing'ono, ena n'kuwapatsa belo, ena n'kuwamasula. Chenjezo langa pa kuyanjanitsa ndi limodzi: wolakwiridwa asakakamizidwe. Ngati amayi aja sakufuna kukhala pansi ndi wowaberayo, ufulu ndi wawo, ndipo mfumu kapena wapolisi asawaopseze kuti avomere chifukwa wakubayo ndi mwana wa munthu wodziwika.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Tibwere ku milandu ya m'madzi, imene ndi yathuyathu kuno kunyanja. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Novembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane. Maukonde a maso ang'onoang'ono ndi oletsedwa, ndipo masikito a udzudzu amene timalandira kuchipatala si ophera nsomba, ngakhale tonse tawaonapo akukokolola tiana ta nsomba m'mphepete mwa bango. Lamulo la zausodzi lili ndi zilango zake. Koma amagwidwa ndani? Kawirikawiri ndi anyamata amene apezeka atagwira chingwe. Mwini khoka ali kunyumba. Anyamata aja akalowa kundende, mawa lake khoka lomwelo lili m'madzi ndi anyamata ena. Pamlandu wotere chilango chimene chimaluma ndi kulanda ukondewo ndi kuuwononga, kulanda chiphaso, ndi kulipiritsa mwini wake, chifukwa ndi iye amene amasankha kuti ukonde ulowe m'madzi kapena ukhale pamtunda.

Makomiti a pagombe, ma BVC, anayambira kwathu konkuno, ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, mu 1993, chambo chitayamba kusowa. Pena agwira ntchito, pena afooka, makamaka pamene a komiti eni ake ali ndi maukonde oletsedwa kapena akudya nawo. Koma chitsanzo chakuti anthu a pagombe angathe kusunga lamulo popanda ndende chilipo pa nyanja yomweyi. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka usodzi nyengo ya mvula, amaletsa mowa ndi juga pachilumbapo, ndipo wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pachilumba. Kwa msodzi, kuuzidwa kuti chaka chino usaponde pamalo pamene pali utaka wochuluka ndi chilango chimene amachiopa zenizeni, ndipo chimagwa tsiku lomwelo, pamaso pa anzake.

Palinso milandu ina imene sinayenera kukhala milandu n'komwe. Akuluakulu mukukumbuka vakabu, mmene anthu ankatoledwa usiku chifukwa chongopezeka panjira. Lamulo limenelo linabwera ndi atsamunda. Mu Malichi 2015 apolisi ku Blantyre anagwira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, ali pa ulendo wa m'mamawa wopita kumsika wa Limbe. Iye sanangovomera kuti alipire zithe. Mothandizidwa ndi bungwe la CHREAA ndi maloya ena anakatsutsa lamulolo, ndipo pa 10 Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Taganizani za kuno, kumene ntchito yathu yambiri ndi ya usiku: msodzi wopita kugombe, mayi wokadikira mabwato m'bandakucha, wakabaza wobwerera mochedwa. Munthu akatoledwa kawiri pa zotere n'kuvomera mlandu kuti atuluke msanga m'chitokosi, m'mabuku amalembedwa kuti ndi wobwereza, pamene sanabe kanthu ka munthu.

Kunja nako akulimbana ndi funso lomweli. Ku Germany, kuyambira mu 1969, lamulo limati chilango cha kundende chochepera miyezi isanu ndi umodzi chiziperekedwa pokhapokha pali chifukwa chapadera. Ku Scotland, mu 2011 anauza makhoti kuti apewe zilango za miyezi itatu kutsika m'munsi, ndipo mu 2019 anakweza malirewo kufika miyezi 12. Ku England ziwerengero za boma zakhala zikusonyeza kuti mwa akuluakulu otuluka m'ndende atagwira chilango chosakwana chaka, oposa theka amapalamulanso chaka chisanathe. Atayerekeza anthu a milandu yofanana, anapeza kuti olangidwa ali kunja amabwereza mocheperapo. Kusiyana kwake si kwakukulu, tisanamizane kuti ndi mankhwala ochiza zonse, koma kulipo, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Iwo ali ndi maofesala ambiri ndi magalimoto owalondolera anthuwo. Ife tilibe zimenezo. Tili ndi mudzi umene umadziwa kumene munthu wagona ndi chimene wadya, ndipo khoti likafuna lingaugwiritse ntchito.

Malire akhalepo, ndipo ndiwanene momveka. Zimene takambazi si za wogwirira, si za wogona ndi mwana, si za wothyola nyumba ndi zida, si za mwamuna amene amamenya mkazi wake mobwerezabwereza. Nkhanza za m'banja zimayamba ngati zazing'ono ndipo zimakula, ndiye kumubweza munthu wotero kunyumba komweko kuti akayanjane ndi kuika moyo wa mayiyo pachiswe. Amenewo ndende ndi yawo, ndipo malo awo m'ndendemo angapezeke bwino tikachotsamo a nkhuku ndi a usipa. Ana osakwana zaka 18 nawonso nkhani yawo ndi ina: lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limafuna kuti pa milandu yaing'ono apatutsidwe asanafike pozengedwa ngati akuluakulu, ndipo ofunika kusungidwa amapita kumalo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba.

Chatsala ndi chimene chimamukoka munthu uja. Mukafufuza akabwerebwere a m'mudzi mwanu mupeza kuti ambiri nkhani yawo ndi kachasu kapena chamba, ena mutu sukuyenda bwino, ena ndi njala ya miyezi imene nyanja yatsekedwa kapena mwera wakana. Thandizo la osuta ndi oledzera lili kutali ndi ife: chipatala cha a misala chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma kuchipatala cha boma kuli anamwino oona za matenda a maganizo, ndipo khoti poimika chilango lingathe kuika mfundo zoti munthu azitsatira. Kwa otuluka kundende, a Prison Fellowship ali ndi malo ku Balaka, pafupi nafe pompa, ophunzitsirako ntchito za manja asanabwerere kwawo. Malo amodzi sangakwanire dziko lonse. Apa mizikiti ndi mipingo yathu, imene imasonkha za maliro ndi za zomangamanga mosavuta, ikhoza kuganizirako zopezera munthu mmodzi wotuluka kundende khasu, mbewu, kapena mmisiri womutenga ngati wophunzira.

Nthawi yatithera, koma ndisiye mawu kwa inu amene m'bale wanu ali m'chitokosi pano pa mlandu waung'ono. Malamulo aakulu a dziko amati wogwidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, salipira. Tsiku la mlandu musamusiye yekha. Akapezeka wolakwa, khoti limamupatsa mpata wodandaula lisanapereke chilango, ndipo ambiri amangoti ndili ndi ana, basi. Muuzeni anene zenizeni: ntchito imene amagwira ndi ya ndani, akapita kundende itayika bwanji, angabweze zingati pa sabata, ndani wa kwawo amene ali pompo wokonzeka kumuyang'anira, ndi sukulu kapena chipatala chiti cha pafupi chimene angakagwireko ntchito. Apemphe yekha chilango chogwira ntchito m'dera. Ngati pakhotipo pali mlangizi wa zamalamulo kapena a Legal Aid Bureau, afunseni mlandu usanalowe. Ndipo inu olakwiridwa, uzani woimira boma pamlandu kuti mukufuna katundu wanu kapena chipepeso, kuti akanene pamaso pa majisitireti.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za belo: ndani angaimire mnzake, ndipo chimamuchitikira n'chiyani woimirayo ngati woimiridwa wathawa. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]